Zilembo Zimene Ndinatembenuzira Kukhoma

Ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, amuna anga anabwera ndi mgolo wamatabwa umene anaupeza kuseri kwa nyumba ya bwana wa esiteti. Munalibe kanthu, unkangonunkha mowa wachizungu.

"Autaya, ngati zitini zija," anatero. "Mvula izigwera momwemu, inu musamatsikenso kumtsinje ndi mimbayo."

Iwo sankadziwa kuwerenga, koma ine ndinapitako kusukulu ya mishoni. Pamgolopo anawotchapo dzina la eni ake ofulula mowa, ndipo migolo yotere inkabwerera kwa eni akewo pasitima. Ndinawerenga, osanena kanthu, n'kutembenuzira zilembozo kukhoma. Msana unkandiwawa ndithu.

Patapita milungu itatu, kapitawo anafika ndi asilikali a ku Boma. Anatenga mgolo, anatenganso amuna anga.

Mwana ndinabereka iwo ali kundende. Abale anga anatsala kutsidya kwa malire, choncho madzi ndinkatunga ndekha, wina kumsana, wina kumanja. Popemphera ndinkagwada pomwe panali mgolo paja.

Amuna anga atatuluka ndinawaululira zonse. Iwo anangoti, "Amake mwana, nanga msana uja unapola?"

Mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha funso limenelo.