Zitseko Ziwiri za Ada

Ada anakulira ku Malota, komboni ya kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, m'nyumba ya mabanja awiri koma chitseko chimodzi. Agogo ake aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo nyumba imene anasiyira ana awo theka lake linali la anthu ochita lendi. Phokoso silinkatha: uyu wakhoma msanga, uyo wapita ndi kiyi kutchalitchi. Tsiku lina bambo ake a Ada anatopa nazo, anatenga hamala n'kuboola khoma lakumbuyo, pakhala chitseko chachiwiri. Kuyambira pamenepo mabanja awiri aja anayamba kupemphana mchere.

Lero Ada ndi mayi wa ana akuluakulu, ndipo amakonza makompyuta m'kachipinda kopanikiza kuseri kwa masitolo a m'tauni. Nzeru ya hamala ija sanaitaye. Munthu akafuna Windows ndi Linux, mapulogalamu awiri oyendetsa kompyuta, pa kompyuta imodzi, Ada amapatsa aliyense disiki yakeyake. Akamaika mmodzi, disiki ya mnzakeyo amaichotsa kaye n'kuitsekera m'kachitini ka tiyi. Anzake a ntchito amamuseka kuti akubisa mwana kuopa mfiti. Iye alibe nazo ntchito. Amati butiloda, kapulogalamu kamene kamadzuka koyamba n'kufunsa kuti lero tilowa kwa yani, ndiye chitseko cha nyumba, ndipo mlendi watsopano akachipeza chokha amasintha loko.

M'mawa wina wa chilimwe munalowa bambo wachikulire, laputopu ataikulunga m'chitenje ngati khanda. Anali a Mundia, amene kale ankagulitsa ziboliboli ku Mosi-oa-Tunya maondo asanawakane. Laputopuyo inali ya mwana wawo Jonas, yemwe anamwalira chaka chatha. Jonas ankaimba m'kwaya ndipo ankajambula mawu ake pa Linux, motero a Mundia anaphunzira kukanikiza mabatani ochepa oti azimumvera Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Koma mdzukulu wawo Memory, mwana wa malemuyo, anayamba sukulu ya zamahotela yofuna Windows. Mnzake wina anamuikira Windows pa laputopuyo, ndipo kuchokera tsiku limenelo kompyuta ikayaka inkangolunjika kwa Memory.

“Ba Ada, mwana wanga bamufafaniza,” anatero a Mundia. “Memory alila, ine nilila. Sitikambisana na pa nyumba.”

Ada anamva chisoni, koma salonjeza chinthu asanachione. Anayatsa kompyuta ija ndi fulashi yake n'kusuzumira m'disiki. Mtima unakhala m'malo: nyimbo za Jonas zinalipo zonse, zili phee kuseri kwa chitseko chokhomedwa.

“Ba tate, Jonas aliko. Ni loko chabe bachinja.”

Mkuluyo anakhala pansi, chipewa chili pa bondo.

Kukonza loko kokha kukanatheka msanga, koma Ada anakulira m'nyumba ija ndipo amadziwa kuti mkangano wotere umabweranso. Anasunga kaye zonse za Memory. Kenako anachotsa choikamo ma DVD chimene palibe ankachigwiritsa ntchito, n'kulowetsa disiki yachiwiri pamalopo. Disiki ya Jonas inalowa m'kachitini ka tiyi. A Mundia anapempha kuti kachitiniko akagwire okha, ndipo anakafumbata ndi manja awiri mpaka Windows ya Memory itakhazikika kwayokha. Apo m'pamene Ada anabwezera disiki ija, anachotsamo Windows yakale, n'kukonza butiloda ya Jonas kuti izionetsa mayina onse awiri.

Atayatsa, panatuluka mizere iwiri yoti munthu asankhe. A Mundia anayamba kufunafuna magalasi m'thumba la jekete. Pamene ankawavala n'kutukula chala, kompyuta inali itatopa kudikira, yalowa yokha kwa Jonas. Ada atayatsanso, mkuluyo anayesa kusankha mzere wa Memory kuti akamuonetse kunyumba, koma chala chinachedwanso.

A Mundia anaseka kaseko kopanda mphamvu. “Ni mwana wanga uyu zoona. Olo ku Falls, nikanyamula katundu, enze kuyenda kusogolo. Nenze kukuwa, iwe Jonas, nilindileko! Sananilindilepo.”

Ada akanatha kuwauza kuti makompyuta ndi mmene alili, azolowere kufulumira. Koma anali ataona kuchedwa kwa chala chija, ndipo zinamuwawa. Anakoka laputopu, anatsegula pamene butiloda imasunga malamulo ake, n'kuchotsa nthawi imene kompyuta imadikira isanalowe yokha. Anazimitsa, anayatsanso, n'kuikankhira kwa mkuluyo.

Mizere iwiri ija inaonekanso. A Mundia anakonza magalasi. Panja panadutsa ngolo ya makala, wina anaitanira madzi ozizira, fani ya Ada inapukusa mutu uku ndi uku. Mizere ija sinasunthe. Mkuluyo anatsitsa dala dzanja n'kuliika pa bondo, akuyang'anitsitsa ngati akufuna kuigwira bodza.

“Izayenda liti?” anafunsa.

“Siizayenda, ba tate. Mpaka imwe mukambe.”

A Mundia anakhala choncho nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu osaipukuta. Ada anatembenukira ku foni ya kasitomala wina kuti asawachititse manyazi. Kumbuyo kwake anamva mkuluyo akunong'ona, osati kwa iye:

“Manje wanilindila, mwana wanga.”