Wotchi ya M'sutikesi ya Eni

Zaka zimene ndinkanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, manja anga anagwira zikwama zosawerengeka, koma panalibe n'chimodzi chomwe chimene ndinkaloledwa kutsegula. Umanyamula chinthu cholemera ngati thumba la feteleza, chikununkhira sopo wakunja, uchiika pangolo, basi. Mwini wake sakuyang'ana n'komwe.

Ndege sizinkabwera pafupipafupi, ndiye nthawi yodikira inali yambiri. Mnzanga wina wa pantchito anandiikira gemu pafoni. Munali munthu wa lupanga woyenda m'mapanga kupha zilombo. Koma chimene chinandikola si kupha. Chilombo chikafa chinkagwetsa katundu: nsapato, mphete, chisoti, nthawi zina bokosi lathunthu. Zambiri zinali zinyalala, koma mwa apo ndi apo pankagwa chowala ngati golide. Ndipo zonsezo zinali zanga, osapempha, osasaina, kungodina n'kutola. Ndinkadziuza kuti ndiphe chimodzi chokha, mwina chotsatiracho ndiye chili ndi lupanga lenileni. Bambo wa ana atatu kumakondwera ndi mphete yosavalika. Mkazi wanga ankakhala kwawo ku Lirangwe, komwe ndinkapita Loweruka lililonse, ndipo ankati kumabwera thupi lokha, mutu umatsala m'mapanga.

Tsiku lina masana kunatera ndege yochokera ku Joni. Sutikesi ina yakale, yomangidwa ndi chingwe, inaphulika zipi ndikuitsitsa pangolo. Zovala zachimuna zinamwazika pansi, ndipo pakati pake panagwa wotchi yachitsulo, dzuwa n'kuiwalitsa. Sindinganene kuti gemu ndiyo inaba. Linaba ndi dzanja langa. Koma dzanjalo linali litazolowera kwa miyezi yambiri kuti chowala chikagwa umatola. Ndisanaphethire, wotchi inali m'sokosi, ine ndikulongedza malaya ngati munthu wachifundo.

Mwini sutikesiyo anali mayi wovala zakuda. Anagwada pansi m'chipinda cholandirira katundu n'kuyamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi. Anafotokozera akuluakulu athu kuti mwamuna wake anamwalira ku Joni, maliro anatsogola pagalimoto, ndipo izi ndi zimene zinatsala. Sanakalipe. Bola akanatukwana. Kenako anayang'ana ine, poti ndine ndinabweretsa sutikesiyo.

"Achimwene, simunaoneko wotchi? Malemu anati ndikampatse mwana wawo wamwamuna."

"Ayi mayi, sindinaione."

Chitsulo chija chinkanditentha pakakolo. Ndikanatha kuzungulira kuseri n'kubwera nayo ndikuti ndaitola pansi pa ngolo. Koma akuluakulu anali atagwira kale pepala ndi cholembera, ndipo ndinaopa kutha ntchito. Mayiyo anamanganso chingwe chake n'kumapita.

Loweruka ndinakwera nayo minibasi ya ku Lirangwe, ili m'thumba la jekete, maganizo anga ali oti ndikaiponye m'chimbudzi. M'gemu chinthu chikakulemera umangochitaya n'kupitirira. Koma mkazi wanga anayamba ndiye kuipeza pofuna kuchapa. Mwezi umenewo bambo ake anali atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo iye anali atandidandaulirapo kuti n'zamanyazi munthu wamkulu kumafunsa nthawi kwa ana. Anangoganiza kuti ndagulira bambo akewo, ndipo ndinangomva nthungululu pabwalo. Potuluka ndinapeza wotchi ili kale pamkono pa apongozi.

Anandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kuvula chipewa. Anati akamwini ambiri amangodziwa kudya, koma uyu ndi munthu, amagwira katundu wa eni tsiku ndi tsiku osatolako ngakhale singano, ndipo pa kamalipiro kakeko wakumbukira nkhalamba. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu, maso ali pansi. Ndinadzida kwambiri tsiku limenelo. Koma mkamwini angayambire pati kuvula apongozi ake chinthu pamkono, anthu onse akuona?

Gemu ija ndinaifufuta sabata yomweyo, ngakhale mwezi usanathe ndinaiikanso, sindibisa. Kungoti chowala chikagwa, sindinkakondwanso ngati kale.

Apongozi anavala wotchiyo zaka zambiri. Ndikangotsika minibasi pamsika, ankakweza mkono n'kundiuza kuti ndachedwa ndi mphindi zakuti, kenako n'kuseka. Atamwalira, abale anakhala pansi kugawa zovala, n'kugwirizana kuti wotchi ibwerere kunyumba imene inachokera. Anaitana mwana wanga woyamba, yemwe panthawiyo anali atakula kale, ndipo amalume ake anamuveka wotchiyo pamkono ine ndili pomwepo.

"Iyi anagula ndi bambo ako ndi thukuta lawo. Uisamale."

Mwanayo amaisamaladi. Amaipukuta, amasintha batire, savula ngakhale popita kumunda. Kwinakwake kuli mnzake wamsinkhu ngati womwewo amene anauzidwa kuti wotchi ya bambo ake inasowa panjira. Ine mpaka lero sindinafunsepo mwana wanga kuti nthawi ili bwanji.