Funso langa linali lachiwiri

Loweruka, 9 koloko m'mawa, ndinatuluka pageti la nyumba imene ndimagwira ntchito ku Mirdif. Madamu anandipatsa mpaka 3 koloko basi. Phungu wa kwathu anali pahotela ina ku Al Barsha, ndipo pagulu lathu la pafoni panamveka zoti aonana ndi Amalawi amene tili kunja kuno. Ine ndinanyamula funso limodzi. Mwana wa mchemwali wanga, Shakira, anagwiriridwa ndi mwini nyumba imene ankachita lendi. Mlandu ukungosunthidwa, bamboyo ali pabelo, ndipo Shakira anasiya koleji chifukwa njira imadutsa pakhomo pa munthuyo.

Basi inanditula ku Rashidiya, kumene ndinakwera sitima. Kadi inadya madiramu asanu ndi awiri ndi theka. M'chipinda cha azimayi m'sitimamo ndinkabwereza funso langa chamumtima, koma milomo inandiulula.

"Ni intavyu, sisi?" anafunsa nesi wina wa ku Zambia amene anaima pambali panga.

"Ayi, ndikukafunsa aphungu."

"Yalla, pitani. Koma muyambe mwadya. Aja sayankha msanga."

Ndinamumvera. Nditatsika cha m'ma 11, ndinamwa tiyi wa karaki ndi chapati choimirira.

M'holo munali anthu ochepa ndi mphepo yozizira ngati ya m'firiji. Tcheyamani wa gulu lathu analengeza zachizolowezi: "Titenga mafunso atatuatatu." Woyamba anafunsa za mapasipoti, wachitatu za mlatho. Ine ndinali pakati.

"Olemekezeka, mukabwerera ku Nyumba ya Malamulo, mudzavomera kuti milandu yogwiririra izikhala ndi nthawi yoti ithere, eya kapena ayi?"

Phunguyo anayamba ndi mapasipoti, n'kutafuna mphindi khumi. Kenako anadumphira pamlatho. Langa analisiyira kumapeto.

"Mayi anga, nkhani imeneyi ndi yofunika kwambiri. Nanenso ndine kholo. Tikufunsana ndi onse okhudzidwa. Inshallah."

Ndinaimikanso dzanja. "Ndiye eya kapena ayi?"

"Amayi, khalasi, zakwana, tipatseko ena mpata," anatero tcheyamani.

Anthu anaomba m'manja. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, komabe ndinangozindikira nanenso ndikuomba. Tinaleredwa choncho, kuti wamkulu akayankhula umaomba. Pojambulitsa anandikokera kutsogolo, pambali penipeni pa phunguyo, poti azimayi tinalipo awiri okha.

Ndinakwera sitima ya 1 koloko. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mafunso atatuatatu amathandiza woyankha, osati wofunsa. Tisanafike ku Rashidiya chithunzi chinali chitafika kale pamagulu akumudzi, pansi pake atalemba kuti aphungu amva madandaulo a anthu awo. Ine ndinali pomwepo, mano onse panja.

Foni inanjenjemera. Anali Shakira.

"Amayi aang'ono, ndakuonani mukusekerera. Ndiye kuti avomera eti?"

Ndinafika pageti la madamu ndisanamuyankhe.