Gawo Lomaliza la Asisi ku Kabudula

Loweruka ndinanyamuka kwathu ku Mpingu seveni koloko, nditanyamula zitenje ziwiri, mtedza wokazinga ndi uthenga wovuta. Asisi anga a Tamanda ali kuchidikiro ku Kabudula, tsiku lawo lochira layandikira. Kumeneko saonera TV, ndiye anandituma kuti ndiziwaonerera sewero lathu n'kukawafotokozera. Miyezi isanu akhala akudikira kuti namwino wa m'seweromo akwatiwe ndi mphunzitsi amene anapita kunja kukagwira ntchito. Nawonso amuna awo ali ku Joni, ndipo anasiya kuimba foni.

Gawo lomaliza linali lochititsa manyazi. Mphunzitsi akutsika ndege, chithunzi n'kudumpha, namwino ali m'velo ndi mkulu wina wadazi amene sitinamuonepo n'kamodzi komwe. Kaya odula filimuwo ankathamangira kumaliro.

M'galimoto, momwe ndinalipira K4,000 n'kukhalira thumba la feteleza, nkhani inali yomweyo. Mayi wina wogulitsa tomato anati anthu amenewa amadula filimu ndi khasu. Kondakitala anati wadaziyo ali ndi galimoto, mphunzitsi ali ndi choko, ndiye tikudandaulanji. Abambo ena ajekete anatidzudzula kuti zimenezi ndi zachibwana, iwo saonera ukwati wa velo lobwereka.

"Nanga mwadziwa bwanji kuti velo linali lobwereka, bambo?" anafunsa mayi uja.

Abambowo anayamba kufufuza chinachake m'thumba. Ine ndinabisa nkhope m'zitenje.

Pa Nsaru ndinafika teni koloko, n'kudya chinangwa chophika chowawa ngati mankhwala a malungo. Wanjinga yamoto ananditenga pa K2,500. Fumbi lonse lija ine ndinali kukonza bodza: mphunzitsi afika, agwada, ukwati wa kutchalitchi, kwaya ziwiri.

Asisi ndinawapeza pamphasa kuseri kwa chidikiro, miyendo itatupa. Ndinayamba kufotokoza bodza lija, koma ndinangofika pogwada paja iwo n'kundidula.

"Tadala, iwe ukamanama umayang'ana zala zakuphazi. Wakwatiwa ndi wina, eti?"

Ndinavomera ndi mutu, misozi ili pafupi. Ndinkaganiza kuti alira, poti m'maganizo ndinawatenga ngati dzira njira yonse. Iwo anatafuna mtedza nthawi yaitali.

"Namwinoyo sanalakwe," anatero. "Zitsiru ndi odulawo. Achotsa pamene amamuuza mphunzitsiyo kuti watopa. Mawu amenewo ndi amene ndimafuna ndimve kuti amawayamba bwanji."