Thabwa la a Khutu

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anali makaniko. Akadali moyo, amadya bwino ndipo amaothera dzuwa pakhonde, koma ndimati anali, ndipo mumva chifukwa chake.

Dzina lawo lenileni linkadziwika pa chiphaso basi. Kugalaja ndi m'misewu yonse ya kwathu anali a Khutu. Ukabweretsa galimoto yodwala, iwo sankathamangira kumasula ichi ndi icho. Ankati uilize, n'kutenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira kukhutu, maso ali tsinzinu ngati munthu wopemphera. Kenako ankaloza pamene pali vuto. Nthawi zambiri linkakhaladi pomwepo, ndipo akaphonya ankati galimotoyo ndi yabodza ngati mwini wake. Sukulu anailekera panjira, ntchito anaiphunzirira pansi pa malole, ndipo ndi manja akuda ndi girisi omwewo anaphunzitsa ana awo aakazi awiri.

Ine ndi iwo tinkakhalira kunyozana. Ndinali kamtsikana pamene ankafunsira achemwali, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinawauza kuti akufuna kuthyola chipatso cha pamwamba ali wamfupi. Iwo ankati ine ndidzakwatiwa ndi makina, poti ndimagwira ntchito yotayipa ndi kufotokopa pa kashopu ka pafupi ndi siteji ya minibasi. Sanalakwitse kwenikweni. Mpaka lero ndili ndekha, ndipo sindidandaula.

Tsoka silinunkha. Linayamba ndi tinthu toseketsa, iwo asanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu. Makiyi ankapezeka mu shuga. Ankakufunsa nkhani, n'kumwa tiyi, n'kukufunsanso yomweyo. Ine ndiye ndinapeza ponyozera, ndinkati ukalamba wawadumphira pamzere. Kenako tsiku lina minibasi imene anaikonza inangotuluka pageti la galaja, isanafike patali tayala lakumbuyo n'kuguluka. Mwamwayi munalibe anthu. Mwini galaja anakalipira dalaivala, dalaivala anakalipira msewu, nkhani n'kutha. Koma Loweruka achemwali akuchapa ovolosi ya amuna awo, anapeza manati a tayalalo m'thumba.

Kuchipatala anawajambula mutu, n'kuwafunsa mafunso a ana a sukulu, ena mwa iwo n'kuwalephera. Dokotala sanabise. Anati ndi matenda a ubongo amene kawirikawiri amagwira okalamba, koma nthawi zina amafulumira n'kugwira munthu akadali ndi mphamvu zake. Mankhwala ochedwetsa alipo, ochiza palibe. Achemwali anabwera kudzalirira kushopu kwanga, kuseri kwa makina ofotokopera, kuti ana asawaone.

Alamu sanalire. Anatenga thabwa la mpando wakale wa basi, n'kuboola mabowo pamzere. M'bowo lililonse anaikamo kaswitchi ka pa chitseko cha galimoto, kaja kamayatsa getsi ukatsegula. Akamasula nati ankaiika m'bowo, babu lofiira n'kuyaka, ndipo silinkazima mpaka manati onse atabwerera pa tayala. M'munsi mwake anaika maswitchi ena, iliyonse ndi chithunzi chake chimene ndinawafotokopera: oyilo, madzi, mabuleki. Akamaliza chinthu ankakhethemula switchi yake. Akapachika sipanala pa msomali wa pathabwapo pali china chotsala, hutala ya njinga yamoto inkalira mpaka agalu a m'dera lonse kuuwa. Anzawo ankaseka kuti a Khutu atsegula nyumba ya wailesi. Mwini galaja ankaona ngati ndi ukhondo chabe, mpaka kumauza ena kuti atengere chitsanzo. Ndi thabwa limenelo anagwira ntchito chaka n'kupitirira, osalakwitsa kanthu, ndipo chinsinsi chinali cha anthu atatu.

Za mpikisano anamva pa wailesi ya kugalaja. Bungwe lina linkafuna nzeru zatsopano zothandiza anthu a msinkhu wogwira ntchito amene ubongo wawo ukudwala, kuti asachoke pa ntchito msanga. Masana omwewo anatulukira kushopu kwanga, akununkha dizilo.

"Mlamu, unditayipire kalata. Usakometse, ungolemba zoona."

"Zoona zake ziti? Zoti ndinu osaoneka bwino?"

"Zoti mutu wanga ukutha."

Kuseka kunandithera pakamwa.

Madzulo ake achemwali anakana kwamtuwagalu. Ndinalipo, ndinakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko ngati mlendo.

"Bambo a ana, mukalemba zimenezi abwana anu amva," anatero achemwali. "Ndiye tizidya mpikisanowo?"

"Ntchitoyi ndiisiyabe, mayi a ana, kaya chaka chino kaya cha mawa," alamu anayankha. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Alipo ena akubisa manati m'matumba ngati ine. Komanso ndisaname, ndikudzifunira ndekha. Ndikufuna ndikaime pamaso pa anthu, ndinene ndi pakamwa panga kuti ichi ndinapanga ndine. Ndinene ndisanaiwale."

Achemwali anangodzuka n'kupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. M'mawa mwake ndinatayipa kalatayo.

Yankho linachedwa, koma linabwera labwino: thabwa ladutsa gawo loyamba. Kenako anthu a bungwelo anafika kugalaja ndi makamera kuti ajambule a Khutu ali pa ntchito. Alamu anafotokoza zonse bwinobwino, za tayala lija ndi za dokotala, nthabwala zili m'kati. Mwini galaja anali chilili pambali, akumva zonse. Alendo atapita anawaitanira mu ofesi.

"A Khutu, mukanandiuza," anatero. "Ndimakulemekezani, mukudziwa. Koma mabuleki a galimoto yonyamula anthu sindingakupatseninso, thabwa kapena popanda thabwa."

Ndinamutukwana mumtima bamboyo sabata yathunthu. Koma nanenso ndimakwera minibasi, ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sanalakwe. Anawapatsa ntchito yotsuka zitsulo mu beseni. Munthu amene ankamva matenda a injini ndi khutu anakhala wotsuka mabawuti. Tsiku lina anasiya beseni la petulo pafupi ndi wowotcherera, ndipo ngakhale moto sunabuke, mwezi umenewo unali womaliza.

Kunyumba matenda anapeza mpata. Manja ozolowera ntchito sakhala chete, choncho anamasula ayironi ya achemwali, wotchi ya pakhoma, loko wa chitseko cha kubafa. Kumasula ankatha, kubwezera n'kumene kunayamba kuvuta. Achemwali ankangotolera tizitsulo m'mbale. Anali atayamba kugulitsa zovala zakaunjika pa msika, ndipo ankabwera atatopa moti ngakhale kukwiya kunkawakanika.

Ndiye mpikisanowo. Gawo lomaliza, loti aliyense akaime pa tebulo lake n'kufotokozera oweruza, linalengezedwa, n'kusinthidwa, n'kusinthidwanso. Mwina woweruza wina wakutali sanapezeke, mwina holo yatengedwa ndi msonkhano wina. Ndinkaimba foni, kumayankha mtsikana waulemu amene ankati atidziwitsa posachedwapa. Tsiku lina ndinalephera kudzigwira, n'kumuuza mtsikanayo.

"Achemwali, munthu amene mukumudikiritsayu akutha. Mukumva? Akutha tsiku ndi tsiku."

Anapepesa, ndipo ndinamva kuti akupepesa zenizeni. Koma tsiku sankasankha ndi iye. Mpaka lero chimandiwawa. Anthu ophunzira za ubongo wodwala, mitu yodzaza mabuku, anaiwala chinthu chimodzi choti ubongo wodwala suyembekeza munthu.

Ine ndinkati ndikatseka shopu ndinkadzera kwawo, tikhale pakhonde tiyeserere zokanena. Poyamba zinali zambiri, masamba awiri, ndipo alamu ankawonjezera zawo mpaka ine kuwadula kuti oweruza adzagona. Patapita nthawi anayamba kusochera pakati, ndiye ndinachotsa tsamba limodzi. Kenako ndinachotsa za dokotala. Kenako za maswitchi. Sindinkawauza kuti ndadula, ndipo iwo sankazindikira. Pamene tsiku lenileni linadziwika, tinali titatsala ndi mawu ochepa okha: ine ndine makaniko, ichi ndinapanga ndine. Amenewo ankawanena bwino, chifuwa chili patsogolo. Dzulo lake anawanena kangapo osaphonya, ndipo ine ndinapita kwathu mtima uli m'malo.

Holoyo inali mu hotela yaikulu, pansi pali kapeti, mphepo yozizira ikutuluka kudenga. Matebulo anali pamzere, onse ofundika nsalu zoyera. Ambiri mwa opikisana anali achinyamata a makompyuta. Wina anapanga pulogalamu ya pa foni yokumbutsa mankhwala, wina chipewa chodzutsa dalaivala wa lole akayamba kusinza. Zinali zinthu zabwino, ndipo eni ake anatipatsa moni mwaulemu. Thabwa lathu linali pakati pawo ndi madontho ake a oyilo, batire lili pansi pa tebulo. Achemwali anawaveka alamu suti ya pa ukwati, imene tsopano inkawakhuthukira m'mapewa.

Ndinaona msanga kuti zinthu sizili bwino. Zokuzira mawu zinkalira, makamera ankang'anima, anthu ankadutsa uku ndi uku. Alamu anagwira dzanja la achemwali osalisiya, maso akuyendayenda. Ndinawanong'oneza mawu athu aja, iwo n'kungogwedeza mutu.

Oweruza anafika pa tebulo lathu. Wotsogolera anali dokotala wamkazi wa imvi, wolankhula motsitsa.

"Bambo, takulandirani. Tatiuzeni za chipangizochi."

Alamu anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Anasiya dzanja la achemwali, n'kutembenuza thabwalo, n'kuyamba kutsata mawaya ndi chala, mmodzimmodzi, mpaka ku babu. Nkhope yawo inawala, ndipo ine mtima unadumpha kuti abwerera.

"Amene walumikiza mawaya awa amaidziwa ntchito," anatero. "Taonani, sanasiye waya wapamtunda ngakhale mmodzi. Ndani ameneyu?"

"Ndinu, alamu," ndinatero. "Munapanga ndinu."

Anaseka, n'kutembenukira kwa dokotala uja. "Musamumvere uyu, mayi. Ndi mlamu wanga, bodza analiyamba ali kamwana."

Palibe amene anaseka nawo. Achemwali anaweramitsa mutu. Dokotala uja anamvetsa, ndinaona m'maso mwake, ndipo anandipempha mwakachetechete kuti ndiwaonetse ine. Ndinaika manati m'mabowo, babu n'kuyaka. Ndinachotsa onse kupatula imodzi, n'kupachika sipanala, hutala n'kulira holo yonse kutembenuka. Anthu anaomba m'manja. Alamu nawo anaomba, mokondwa kuposa onse. M'moyo wanga sindinamvepo chisoni ngati cha nthawi imeneyo.

Thabwa linapata malo achiwiri. Ataitana dzina lawo, achemwali anawatsogolera kutsogolo, iwo n'kugwirana chanza ndi aliyense mwaulemu, ngati munthu amene waitanidwa ku mwambo wa eni ake. Analengeza kuti bungwelo lipanga mathabwa ena otere n'kukawayesa m'magalaja. Ndikukhulupirira kuti adzathandiza wina, ndipo sindichitira nsanje munthu ameneyo.

Tinakwera minibasi yobwerera dzuwa likadalipo. Chikho chimene anatipatsa ndinanyamula ine. Alamu anakana kuti thabwa liikidwe kumbuyo ndi katundu, analiika pamiyendo n'kulikumbatira, kumaliteteza aliyense akamatsika. Titayandikira siteji yathu, anagwira achemwali paphewa, nkhope ili ndi nkhawa.

"Mayi a ana, katundu wa eni akeyu tikupita naye kuti? Mwini wake azimufuna pa ntchito. Tikabweze, angatiyese akuba."

Achemwali anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Atatembenuka, mawu awo anali osalala ngati palibe chachitika.

"Tikabweza mawa, bambo a ana."

"M'mawa ndithu," alamu anatero. "Munthu asavutike chifukwa cha ife."