Thumba la Maso Awiri

Ndikukumbukira mphepo ya tsiku limenelo kuposa nkhope za anthu. Inali nyengo ya mwera, ndipo nyanja inali italusa kuyambira m'mawa. Asodzi anali atakokera mabwato kumtunda. Mafunde ankamveka mpaka kumudzi, lata la nyumba ya amalume linkalira pomwe msomali unazuka, ndipo kuseri kwa nyumbayo amayi angapo ankang'ung'udza nyimbo ya maliro ndi mawu osasa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Koma ndiyambire kumbuyo pang'ono.

Kwathu kwenikweni ndi ku Chitala. Bambo atamwalira, mayi anasamukira nane ku Senga Bay kwa alongo awo, amalume anga, omwe anatipatsa kanyumba ndi malo oti mayi aziwambirapo nsomba. Pafupi panali loji ina yogona alendo, ndipo kuseri kwake kunali mpanda wa bango wosungiramo nyama zovulala: pusi yemwe chingwe chinamudya m'chiuno, mwana wa gwape yemwe make anafera pamsampha, ndi afulu opsa ndi moto wam'tchire. Azungu odzipereka ankabwera n'kumapita, koma wokhalapo nthawi zonse anali Bambo Jafali, Msilamu wamtali wosakonda zolankhulalankhula.

Tsiku lina anandipeza panjira ndikuchokera kokumba mbewa m'minda ya mpunga.

"Mwana iwe, undigaireko ziwiri," anatero. Ataona ndadabwa anaseka. "Si zanga ayi, chipembedzo sichindilola. Koma ndili ndi mlendo amene alibe chipembedzo."

Mlendoyo anali mwana wa kadzidzi. Amisiri anamupeza m'denga la nyumba yosungira mpunga. Ana anzake amisiriwo anali atawaponda kale. Kanali kambalame kaubweya ngati thonje, ndipo kakaona munthu kankafwenthera ngati njoka. Kuyambira tsikulo ndinkapitako ndikaweruka kusukulu. Ndinkasesa m'makola, kutunga madzi, kenaka Bambo Jafali anandilola kudyetsa kambalameko. Koma panali lamulo. Anandipatsa thumba la chiguduli loboola maso awiri.

"Ukamalowa m'khola uzivala ili, ndipo osatsegula pakamwa, ngakhale kutsokomola. Kakazolowera nkhope ndi mawu a munthu kadzayesa kuti munthu ndi make. Tikadzakamasula kadzatera padenga la wina kupempha chakudya. Ndiye ukudziwa zimene anthu amachita ndi kadzidzi wapadenga."

Ndinkadziwa. Amamuponyera chikuni chamoto, poti kulira kwake amati kukuitana maliro. Inenso ndinali nditakula ndikumva choncho, ndipo masiku oyamba ndinkaima patali popereka nyama pakandodo. Koma kanthu kanjala n'kovuta kukaopa nthawi yaitali.

Masana ena ndili m'khola, thumba lili kumutu, mbewa yosenga ili m'manja, ndinamva bango likuthyoka. Kudzera m'maso a thumba ndinaona diso la munthu pampanda. Anali Lufeyo, msuweni wanga, mwana wa amalume.

"Mateyu! Ndiwe kodi? Mateyu!"

Kambalame kanali katayasama. Ndinasunga lamulo, sindinayankhe. Ndinangomva mapazi akuthawa.

Sabata yomweyo, mwana wotsiriza wa amalume, Esinati, anagwidwa malungo ndipo anamwalira ali kumsana kwa make panjira yakuchipatala.

Tsiku lamphepo lija linali lometa, pamene abale amakhala pansi maliro ataikidwa n'kukambirana za imfa. Ine ndinkasenza nkhuni pamene amalume anandiitana. Amuna anali pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa chapatali, mayi anga pakati pawo. Patsogolo pa amalume panali thumba langa. Lufeyo anali atakaliba pomwe ndinkalikoloweka.

"Ili n'la yani?"

"N'langa, malume."

"Vala. Tiwone mmene umakhalira ukakhala kuntchito kwako."

Ndinayang'ana mayi. Iwo anayang'ana pansi. Ndinavala.

Fungo lake ndimalimvabe: gaga wakale, thukuta langa, ndi mbewa. Poyamba anyamata anaseka. Kenaka kuseka kunatha, ndipo kusasekako kunali koipa kwambiri. Mayi wina analavula. Mphepo inkakankha chiguduli kumaso kwanga, maenje a maso n'kusuntha, moti ndinkangoona mapazi a anthu.

"Lankhula tsopano," anatero amalume. "Paja Lufeyo atakuitana unali wosalankhula. Umamutuma chiyani kadzidzi wako?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati n'kamwana chabe, kuti thumba n'loti kasandizolowere, kuti adzakamasula. Mawu ankatuluka ogonthera m'chigudulimo, ngati a munthu wina.

"Mwamva? Akuti akulera," anatero bambo wina. "Ife tikuika mwana, mnzathu akuyamwitsa kadzidzi."

"Mwana wa Mkhristu ameneyu," anatero wina. "Lamulungu amayimba kwaya."

Amalume anandizula thumbalo kumutu n'kuliponya pamoto wa maliro. Maso awo anali ofiira ndi kusagona. Ananena motsitsa mawu kuti ndikadzapondanso kumpanda kuja, adzapita okha kukatentha mbalameyo, ndipo ine ndi mayi tidzabwerera ku Chitala. Pomwepo ndinazindikira kuti kabudula wanga wanyowa, ndipo aliyense anali akuona.

Sindinatuluke m'nyumba masiku otsatirawo. Kusukulu sindinapite. Lamulungu mayi anandikokera kutchalitchi, ndipo benchi yomwe tinakhalapo inakhala ya ife awiri basi. Ana ankati akamadutsa kuseri kwa nyumba yathu ankalira ngati kadzidzi n'kuthawa. Manyazi ndi matenda achilendo: ndinkadziwa kuti sindinaphe munthu, koma ndinkalephera kuyang'ana manja anga.

Kenaka Bambo Jafali anabwera panjinga, masanasana, aliyense akuona. Anayamba kwa amalume kukapepesa maliro, monga mwa mwambo, osatchula za mbalame. Atachoka kumeneko anadzakhala pakhonde pathu.

"Mlendo wako akudya bwino, Alhamdulillah," anandiuza. "Ndikumavala chipewa chamlaza ndi nsalu kumaso. Mbewa akundikumbira alonda. Mlendoyo sakudziwa n'komwe kuti womudyetsa wasintha."

Zinandipweteka kuposa zapamaliro zija. Ndinalira. "Ndiye kuti sakundifuna?"

"Ndiye kuti unagwira ntchito bwino, mwana iwe. Akanakusowa, ndikanadziwa kuti unkayankhula naye."

Anauza mayi kuti nthenga zakwanira, ndipo poopa moto wa amalume akufuna akaisiye mbalameyo kutali, m'mapiri a Senga, m'mphako ya mlambe wina. Anati n'koyenera kuti ine ndikaone, koma sangandikakamize, poti nyumba tinkakhalayo sinali yathu.

Mayi ananyamuka. Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukhuthulira mpunga m'lichero. Anatuluka ndi thumba lopanda kanthu ndi mpeni wotumbulira nsomba. Analiika pamutu panga, anapapasa pomwe panali maso, analichotsa n'kuboola maenje awiri.

"Amalume ako anati usaponde kumpanda," anatero. "Za kuphiri sananene. Ubwere kusanade."

Tinapita panjinga, dengu la mbalameyo lovindikira lili pamiyendo panga, thumba nditalipinda m'malaya. Pansi pa mlambe ndinalivala, ndinakwera pamapewa a Bambo Jafali, n'kutsegula dengu pakhomo la mphako. Ndinkayembekeza kuti mbalameyo indiyang'ana, mwina itsala pang'ono padzanja langa. Inandikanda chala, inalumphira mumdima wa mphakomo, n'kundifwenthera monga inachitira tsiku loyamba. Bambo Jafali anandisisita mwendo, osalankhula. Titafika kunjinga ndi pomwe anati, "Ameneyu sadzatera padenga la munthu."

Amalume sanatithamangitse, ngakhale ndikhulupirira anamva. Dzina loti Kadzidzi linandikakamira mpaka ndinamera ndevu, ndipo alipo okalamba ena amene mpaka lero amatcha ana anga kuti a kwa Kadzidzi. Kumpanda kuja sindinabwerereko kufikira nditakula. Tsopano Loweruka ndimakathandiza kusesa pamalo ena otere, ndipo ndikaona achinyamata akufuna kujambulitsa atanyamula kanyama, ndimawauza za thumba.

Koma tanthauzo lake ndinalimvetsa mochedwa. Mkazi wanga, Nambewe, m'miyezi yake yotsiriza mutu unasokonezeka ndipo anaiwala nkhope yanga. Ndinkamudyetsa phala ndi sipuni, iye n'kumandithokoza mwaulemu ngati mlendo. "Zikomo, bambo inu. Kodi amuna anga abwera liti?" Tsiku loyamba ndinatuluka panja kukalira. Kenaka ndinakumbukira fungo la chiguduli, ndipo ndinabwerera kukamaliza mbale. Wanjala ayenera kudya, kaya akukudziwa kaya ayi. Mulungu anandiphunzitsa zimenezi ndili mwana, kudzera mwa Msilamu ndi mbalame yomwe anthu amadana nayo.

Nambewe atapita, ndinadziwanso china. Chisoni chimafunafuna munthu woti chimuloze chala. Ine ndinkakwiyira anamwino, minibasi yomwe inachedwa, ngakhale nkhuku zolira pabwalo. Amalume anali ataika mwana wazaka zitatu, ndipo pafupi nawo panali mnyamata wovala thumba. Amalumewo anamwalira kalekale osatchulanso nkhaniyi. Lufeyo, imvi zili mbuu, anali woyamba kufika ndi khasu kudzakumba manda a mkazi wanga, ndipo tsiku lometa anakhala pambali panga mpaka anthu atabalalika. Sanapepese, inenso sindinamukumbutse.

Manyazi aja sanathe onse. Mwera ukayamba ndimamvabe chiguduli kumaso. Koma amalume, Lufeyo, mayi wolavula uja ndi onse anaseka pansi pa mango, ndinawakhululukira.