Makina Ogogoda Phewa ndi Nyerere ya Apongozi

Phewa linayamba kundiwawa mwana ali m'mimba, ndipo atabadwa silinasiye. Lakumanja. Poyamba linkangoluma ndikamasinja, kenako ndikamatula ndowa, kenako ndikamavala bulauzi, mpaka ndinasiya kupesa tsitsi n'kumangomanga duku. Ndinamwa panado, ndinamwa bulufeni, ndinapakapo mafuta otentha aja amagulitsa tsiku la msika, ananditemeranso mphini zisanu ndi imodzi zimene zipsera zake ndili nazo mpaka lero, zondondozana bwino, zokongola ndithu. Ululu sunadziwe n'komwe kuti pachitika zonsezi.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinakwatiwa m'mudzi wina kufupi ndi Manyamula, ku Mzimba, ndipo bambo a mwana anapita ku Joni mimba ili ndi miyezi isanu, monga amachitira amuna a kumeneko, n'kundisiya m'manja mwa amayi awo. Apongozi anga sanali munthu woipa, ndinene msanga zimenezo. Anali munthu woona. Ankaona mchere ukachuluka, ankaona ndikachedwa kumjigo, ndipo tsiku limene ndinkabereka mwana kumsana, dzanja n'kukana kufika, mwana n'kutsetsereka mpaka m'chiuno ndisanamugwire ndi dzanja linalo, analinso pomwepo, akusankha nyemba pakhonde.

"Mkamwana," anatero, poti ndimo mmene ankandiitanira, "ng'ombe zinapita kale kwanu. Ukamugwetsa, mbwenu tidzamuuza chiyani bambo wake?"

Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake. Kuno anali wa kumene kunachokera ng'ombe, ine ndinali womuyamwitsa. Anali wamkazi, wa miyezi isanu ndi itatu, mano awiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkamubereka nditagwada, nditayang'ana kaye uku ndi uku ngati ndikuba.

Za makina ndinazimva kwa bambo akewo pa foni. Anati bwana wawo ku Joni anachira chigongono ndi makina ogogoda, ndipo mnzawo wina wawauza kuti pa boma pa Mzimba pabwera dokotala wa mafizo, wothandiza mitsempha ndi mfundo zowawa, mayi, amene ali nawo makina omwewo m'kachipinda kake. "Mupite, amake mwana," anatero. "Zinthu za masiku ano izi, musamaope chilichonse ngati nkhuku." Kulimba mtima kumabwera mosavuta munthu akakhala ku Joni.

Ndinapita Lachiwiri, pa njinga yamoto, ndi alamu anga aakazi, achemwali awo a amuna anga, amene amagulitsa tomato ku Jenda ndipo masiku amenewo anali pamudzi. Iwo ndiwo anabereka mwana, ine ndinangogwira chitsulo cha kumbuyo ndi dzanja lamanzere, fumbi m'mano, dzenje lililonse la mumsewu likufikira paphewa pomwepo.

Kachipindako kanali kuseri kwa masitolo. Munali bedi lalitali, mpando, ndi kabokosi koyera pa tebulo la mateyala. Ine ndinaona chinthu chimodzi chokha: nthambo yakuda yochokera m'bokosimo kukalowa kukhoma, pamene pamalowa ayironi. Kutsogolo kunatuluka paipi, kumapeto kwake kuli chinthu ngati tochi yaikulu. Adokotalawo anali mayi wochepa thupi, wolankhula Chichewa cha kummwera, ndipo anandikweza mkono, kuutsitsa, kuupinda, n'kudina ndi chala pamalo amodzi mpaka ndinaitana mayi anga a ku Dowa.

"Ndi pamenepa," anatero, akuoneka osangalala. "Muli ndi pakati?"

"Pakati pa ndani, mwini wake ali ku Joni?" anayankha alamu anga ndisanatsegule pakamwa.

Anafunsanso ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ngati ndinabayitsapo jakisoni paphewapo, ndinati ayi, ayi. Kenako anafotokoza. Anati mtsempha wa paphewa unavulala kalekale, ndipo thupi linatopa nawo n'kuusiya choncho, osapola, osaduka. Makinawa amagogoda pamenepo mwamsangamsanga kuti magazi ayambenso kuyendapo, thupi likumbukire kuti pali ntchito yosatha. Anati ziwawa pang'ono, ndipo mawa lake ziwawabe. Ndizibwera kamodzi pa sabata kwa masabata angapo, kunyumba ndizikweza zala pakhoma pang'onopang'ono, ndisamanyamule zolemera. Anati ambiri amapeza bwino, ena ayi.

"Nanga magetsiwo?" ndinafunsa.

"Magetsi amathera m'bokosimu, mayi. Chofika pa inu ndi kugogoda basi."

"Nanga mkaka?"

Anaseka. "Mkaka ulibe nazo ntchito. Mukatuluka pano muyamwitse."

Anayankha msanga kwambiri, ndi zimene ndinaona ine. Munthu sanaganize n'komwe, sanayang'ane mwana, sanayang'ane bere, anangoseka uku akufinya botolo.

Anandipaka zinthu zozizira zoterera ngati therere, n'kuika tochi ija paphewa. Inayamba kulira, ta-ta-ta-ta, ngati njinga yamoto yokana kulira bwino, ndipo ndinamva ngati munthu akukhoma kamsomali m'fupa ndi kahamala kakang'ono, osapumira, akusunthasuntha mpaka anapeza pamalo paja, pamenepo ndinaluma chitenje, mwana anayamba kulira, alamu anga anaima pakhomo phazi limodzi lili kale panja, ine maso ali pa nthambo, nthambo, khoma, nthambo, phewa langa, ndipo kuchoka paphewa kufika pabere ndi chikhatho chimodzi chokha, ndinayeza ndi maso. Sizinatenge nthawi yoti n'kuwiritsa madzi a tiyi. Atazimitsa, m'makutu munapitiriza.

Panja mwana anafuna bere. Ndinamupatsa lamanzere. Palibe amene anandiuza. Madzulo lamanzere, m'mawa lamanzere, lakumanja ndinalibisa m'bulauzi ngati lachita chigololo.

Bwenzi zitathera pomwepo alamu anga akanakhala munthu wosunga nkhani. Koma tisanatsuke n'komwe fumbi kumapazi anali atayamba.

"Amama, mukanaona! Anamulumikiza kukhoma ngati foni pa chaji. Thupi lonse kunjenjemera, mano gwegwegwe, ine ndati uyu tibwerera naye m'bokosi."

"Mano sanagwedezeke, alamu."

"Munali kuwaona inu? Ndinali kuwaona ndine."

Apongozi sanaseke. Tsiku lonse lotsatira ankangondiyang'ana ndikamayamwitsa, ndipo Lachinayi m'mawa anandiitana.

"Mkamwana, bwanji mwana akuyamwa mbali imodzi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Wekha ukudziwa," anatero. "Ng'ombe ikakhudzidwa ndi mphenzi, ngakhale isafe, mkaka wake sitimwa. Magetsi ndi mphenzi yomweyo, kungoti aiweta m'nthambo. Ndipo mabere awiri amatunga pa chitsime chimodzi. Mwana aleke kuyamwa."

Pabanja pamenepo mwana akamaletsedwa bere sakhala pafupi ndi mayi ake. Amamutenga. Anati Loweruka alamu anga apita naye ku Engutwini, kwa azakhali awo a amuna anga, akakhale kumeneko azidya phala mpaka aiwale. Miyezi isanu ndi itatu. Ine ndinali nditaonapo mwana wa mnzanga wina ataletsedwa bere ali wamng'ono choncho, mmene anabwerera, tsitsi lofiira, masaya otupa, maso akuluakulu osalira.

"Ndapota, amama," ndinatero, nditagwada, mawu a Chitumbuka amene ndinkawadziwa onse ndinawatulutsa tsiku limenelo. "Adokotala anati magetsi safika pathupi. Anati mkaka uli bwinobwino."

"Ngati uli bwinobwino, walibisiranji?"

Mboni yoyamba yonditsutsa ndinali ndine.

Ndinathamangira pachulu pamene foni imagwira, ndinaimbira ku Joni. Munthu yemwe uja anati ndisamaope ngati nkhuku anamvetsera, anatsokomola, n'kunena kuti, "Zinthu za ana amadziwa ndi amama. Inu muzingomvera." Kenako anati bwana akumuitana.

Amene anandithandiza, mosafuna, ndi alamu anga omwewo. Sankafuna kupita ku Engutwini ndi mwana wolira njira yonse, tomato wawo akuwolera ku Jenda.

"Amama, bwanji osangouyesa mkakawo? Paja munayesa wa akazi a achimwene aakulu atadwala bere."

Ine sindinkadziwa kuti mkaka amauyesa. Kwathu sindinazionepo. Kuno, kapena pabanja pamenepa pokha, sindikudziwa, amafinyira mkaka m'kambale n'kuponyamo nyerere yamoyo. Ikatuluka, mkaka ndi wabwino. Ikafera momwemo, mkaka wawonongeka. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma ngakhale ine ndinkadziwa kuti nyerere imamira ndi m'madzi a pamjigo omwe. Sindinanene. Munthu sutsutsa khoti lokhalo limene lavomera kumva mlandu wako.

Lachisanu m'mawa, dzuwa litangofika pankhokwe, tinakhala kuseri kwa khitchini, atatu. Apongozi anabweretsa kambale kachitsulo ka maluwa, kogumuka utoto mbali imodzi. Bere lakumanja linali litakhala masiku atatu osagwiridwa, lolimba ngati papaya losapsa, lotentha, ndipo nditalifinya misozi inatuluka mkaka usanatuluke. Ndinafinya pang'ono n'kusiya.

"Wonjezera," anatero apongozi. " Imeneyo ndi nyerere, si fumbi."

Ndinawonjezera. Apongozi anapita pamene timatayira zotsukira mbale, anawerama nthawi yaitali akusankha, ngati pali nyerere ina yodziwa bwino ntchitoyi, ndipo pamene anali chowerama, alamu anga akuyang'ana foni, ine ndinaika kambale pansi. Pansipo panali kamwala. Ndinakaona. Ndinakhazika kambale mbali imodzi pa kamwalako, mkaka unatsetserekera uku, mbali yogumuka utoto ija inatsala yosaya, yokhakhala, poti phazi la nyerere lingagwire.

Anabwera nayo pa kaudzu, yakuda, yaing'ono, n'kuigwetsera pakati.

Sindinayang'anepo chinthu chilichonse m'moyo mwanga mmene ndinayang'anira nyerere imeneyo. Inazungulira, inapalasa, inapita mbali yakuya, ndinati mumtima bwerera, bwerera mayi, inaima, miyendo inaleka, ndinamva mwana akulira m'nyumba ndipo mkaka unayamba kudontha wokha pa chitenje, kenako inagwedeza kanyanga kamodzi, inatembenuka, inapalasanso, inafika pogumuka paja, inagwira, inaterereka, inagwiranso, n'kukwera. Inaima pamlomo pa mbale ikupukuta nkhope ngati munthu wochokera ku phwando.

"Yewo," anatero apongozi, osati kwa ine, kwa nyerereyo. Kenako kwa ine: "Kamutenge mwana. Uyambe ndi lakumanjalo."

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero ndi ichi. Ndine ndinapendeketsa mbale, ndinkadziwa bwinobwino. Koma nyerere itatuluka mtima wanga unakhala pansi, ndinakhulupirira kuti mkaka ndi wabwino, ndinayamwitsa mopanda mantha. Adokotala a masatifiketi awo pakhoma anandiuza zomwezo ndipo sindinawamvere. Ndinamvera nyerere imene ndinaithandiza ndekha.

Apongozi anaika lamulo. Ku makina ndizipita, poti mwana wawo ndiye ananena, koma ndikabwerako, mwana asanayamwe, nyerere iyambe yalowa m'mbale. Choncho Lachiwiri lililonse ndinkagogodedwa pa boma, mwana n'kumusiya ndi phala, madzulo n'kudzaweruzidwa kuseri kwa khitchini. Adokotala sindinawauze. Ankandiyamikira kuti ndine wodwala womvera, ndimakweza zala pakhoma monga anandiuzira, ndipo zinali zoona, pakhoma la nyumba yathu panali mizere ya zala yokwera sabata ndi sabata. Kamwala kaja ndinkakasunga pamalo pake. Tsiku lina nkhuku zinakapalasa, ndinakafunafuna ngati ndataya ndolo.

Phewa silinachire lonse. Mpaka pano kukazizira, mwezi wa Juni, limandikumbutsa. Koma pofika sabata lachitatu ndinapesa tsitsi, ndipo lachinayi lisanakwane ndinabereka mwana choimirira, kamodzi n'kamodzi, dzanja linafika lokha. Apongozi anaona, monga mwa masiku onse. Anaonanso kuti chimanga chauma m'munda, kuti alamu anga abwerera ku Jenda, ndiponso kuti kuyambira pamene adokotala anandiletsa zolemera, ndowa ya kumjigo ankasenza ndi iwo.

Lachiwiri lomaliza ndinachedwa kubwera, ndipo ndinapeza atakonza kale malo, kutsogolo kwa nyumba, pakhonde la simenti losalala, popanda kamwala ngakhale kamodzi. Kambale kanalinso kena, kagalasi, koterera mbali zonse. Ndinafinya, anaponyamo nyerere, ndipo inazungulira kawiri, katatu, inayesa kukwera n'kugwa, inayesanso n'kugwa, kenako inangoyandama, miyendo itatambasuka. Ndinayamba kuwerenga m'mutu mtunda wa ku Engutwini, ngati munthu angayende wapansi ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Apongozi anaiyang'ana. Anayang'ana kumunda. Kenako anatola kaudzu kaja, anakalowetsa mumkaka pansi pa nyerereyo, n'kuikokera kumphepete mpaka inagwira, n'kuitula pa simenti, pamene inagona kanthawi isanayambe kudzikoka, yonyowa, ikupita mokhotakhota.

"Yatuluka," anatero.

"Yatuluka, amama."

"Iyi njaulesi chabe. Nyerere za masiku ano." Anathira mkaka uja pansi, osandiyang'ana. "Kayamwitse. Ndipo ukawafunse adokotala akowo kuti ndowa uyamba liti."